Munthu akachita sitiroko, lembani pepala loti banja ndi dokotala alimve

Munthu akachita sitiroko, nthawi zambiri sangathe kudzifotokozera yekha. Lilime limalemera, mawu amasokonekera, ndipo ena amamva bwinobwino zomwe mukunena koma akafuna kuyankha kumatuluka mawu ena. Amene amamulankhulira kwa dokotala ndi achibale, ndipo achibalewo amafika kuchipatala ali ndi mantha, atatopa ndi ulendo, aliyense ali ndi nkhani yakeyake. Wina akuti zayamba dzulo, wina akuti lero, mlamu akuti adangogwa kubafa. Amene adaona zonse ndi maso ake watsala kunyumba ndi ana. Dokotala ali ndi mzere wautali panja, ndipo alemba zomwe wamva, kaya n'zoona kaya n'zongoganizira.

Banja lililonse lomwe lili ndi munthu wa BP, wa shuga kapena wachikulire lizidziwa kulemba pepala limodzi lopita nalo kuchipatala. Lingakhale tsamba long'amba m'kope la mwana wasukulu. Chachikulu n'chakuti lilembedwe m'mawu oti azakhali akumudzi awamve, koma likhale ndi zomwe dokotala akufuna. Ziwirizi sizitsutsana ayi. Dokotala safuna kuti inu mumuuze dzina la matenda. Amafuna nthawi yomwe zayambira, mbali yomwe yafooka, zomwe mwaona, ndi mankhwala omwe wodwalayo amamwa.

Kuti mudziwe chifukwa chake akufuna zimenezi, muyenera kumvetsa pang'ono zomwe zachitika m'mutumo. Ubongo umadya magazi nthawi zonse, ndipo sungapirire akasiya kufika. Sitiroko imachitika m'njira ziwiri, monga momwe mbewu za kudimba zimafera ngalande ikatsekeka ndi matope kapena ikagumuka madzi n'kusefukira pomwe sakufunika. Njira yoyamba, magazi amaundana n'kutseka mtsempha. Padziko lonse, odwala ambiri amakhala a mtundu umenewu. Njira yachiwiri, mtsempha umaphulika ndipo magazi amatayikira mu ubongo, kawirikawiri chifukwa cha BP yomwe yakhala yokwera kwa zaka. Kunja zizindikiro zimafanana, moti ngakhale dokotala wodziwa ntchito sangatsimikize popanda kujambula mutu ndi makina a CT, omwe amapezeka kwenikweni m'zipatala zazikulu. Koma chithandizo chake n'chosiyana kwambiri. Mankhwala omwe amathandiza mtsempha wotsekeka angaphe munthu yemwe mtsempha wake waphulika.

Zizindikiro zake zimabwera mwadzidzidzi, ndipo mungaziyese m'mphindi imodzi. Muuzeni amwetulire kapena aonetse mano, muone ngati kamwa yapotokera mbali imodzi. Muuzeni akweze manja onse awiri kutsogolo, muone ngati dzanja limodzi likutsika lokha kapena likulephera n'kukwera komwe. Muuzeni abwereze chiganizo chachifupi, monga "mvula yagwa usiku", mumve ngati mawu akutuluka bwino. Chimodzi chokha mwa zitatuzi chikalakwika, funani galimoto nthawi yomweyo. Palinso zina: kusaona mwadzidzidzi diso limodzi kapena mbali imodzi, kudzandira ngati woledzera asanamwe, ndi mutu wowawa koopsa womwe wangoyamba kamodzin'kamodzi. Pepala lisakuchedwetseni. Wina azithamangira galimoto, wina azilemba, kapena lembani muli m'njira.

Mzere woyamba pa pepalalo ukhale nthawi, ndipo apa m'pomwe mabanja ambiri amasochera. Nthawi yomwe ikufunika si yomwe mwamupeza atafooka, koma yomaliza yomwe wina adamuona ali bwinobwino. Tiyerekeze kuti agogo adya nsima, acheza, apita kukagona 9 koloko usiku akuyenda okha, ndiye mwawapeza 5 koloko m'mawa akulephera kudzuka. Musalembe kuti zayamba 5 koloko m'mawa. Lembani zonse ziwiri: adali bwino 9 koloko usiku, tawapeza atafooka 5 koloko m'mawa. Ngati wina adawamva akupita kuchimbudzi 3 koloko n'kuwayankha bwinobwino, chimenecho n'chofunika kwambiri, chilembeni.

Madokotala amaumirira pa nthawi chifukwa mankhwala osungunula magazi oundana, monga alteplase, amaperekedwa pasanathe maola 4 ndi theka chiyambireni zizindikiro. Kupitirira pamenepo, ngozi yoti ayambitse kutaya magazi mu ubongo imaposa phindu lake. Dokotala wa ku America, Jeffrey Saver, adawerengetsera mu 2006 kuti mtsempha waukulu ukatsekeka, maselo a ubongo pafupifupi 1.9 miliyoni amafa mphindi iliyonse. N'zoona kuti si chipatala chilichonse chili ndi mankhwala amenewa. Komabe nthawi imauza dokotala zambiri: ngati ubongo ukuyembekezeka kutupa, mmene angasamalire BP, komanso ngati n'koyenera kumutumiza msanga ku chipatala chachikulu monga Queen Elizabeth ku Blantyre, Kamuzu Central ku Lilongwe, Zomba kapena Mzuzu.

Ambiri sayang'ana wotchi zinthu zikavuta, ndiye nthawiyo muyenera kuifufuza. Foni ndi mboni yabwino. Onani nthawi yomwe mudaimbira m'bale woyamba, kapena nthawi yomwe wodwalayo adatumiza uthenga womaliza pa WhatsApp, kapena uthenga wa ndalama zomwe adatumiza pafoni. Ngati palibe foni, gwirani pa zochitika: nkhani za masana zinali zitangoyamba pa wailesi, ana anali asanaweruke, kumzikiti anali atangoitana, belu la kutchalitchi linali litalira. Lembani zimenezo momwe zilili. "Ana asanaweruke" n'kothandiza kuposa "masana". Ndipo ngati simukudziwa, lembani kuti sitikudziwa. Nthawi yopeka ingachititse dokotala kupereka mankhwala oopsa pa nthawi yolakwika.

Mzere wachiwiri ndi mbali. Lembani kumanja kapena kumanzere kwa wodwalayo, osati kwanu. Mukayang'anizana naye, dzanja lake lamanja lili kumanzere kwanu, ndipo anthu amasokoneza zimenezi kawirikawiri akakhala ndi mantha. Imani kumbuyo kwake, kapena gwirani dzanja lofookalo n'kudzifunsa ngati ndi lomwe amadyera. Mbali ya kumanzere ya ubongo imalamulira mbali ya kumanja ya thupi, ndipo mwa anthu ambiri ndi yomwenso imasunga chilankhulo. N'chifukwa chake wofooka kumanja nthawi zambiri amavutikanso kulankhula. Munthu wotere sanapenge, ndipo mwina akumva zonse zomwe mukukambirana pamutu pake.

Kenako lembani zomwe mwaona, osati zomwe mukuganiza. Ili ndiye phunziro lalikulu la kalembedwe konseka. Mawu oti "adwala kwambiri" kapena "angofooka" sauza dokotala kanthu, chifukwa wa malungo naye amafooka. Mawu oti "BP yawakwera" ndi ongoganizira ngati simunayeze. Koma mukalemba kuti "kapu idagwa m'dzanja lamanja ndipo akulephera kuitola", kapena "akukoka mwendo wamanja", kapena "malovu akutuluka mbali imodzi ya kamwa", aliyense akuona chithunzi chomwecho, kaya ndi mwana wa Sitandade 6 kaya ndi dokotala wa ubongo. Ngati adagwa, fotokozani chomwe chidayamba: adafooka kaye kenako n'kugwa, kapena adapunthwa, n'kumenyetsa mutu, kenako n'kufooka? Lembaninso ngati adasanza, adakomoka, adanjenjemera ngati wa khunyu, kapena adadandaula za mutu. Mutu woopsa ndi kusanza zimachititsa dokotala kuganizira za mtsempha wophulika. Ngati muli ndi makina oyezera BP kapena shuga panyumba, yezani ndipo lembani manambala ndi nthawi yake. Shuga akatsika kwambiri, makamaka mwa omwe amabaya insulin kapena kumwa glibenclamide, zizindikiro zimafanana ndi sitiroko, ndipo zimenezo zimachizika m'mphindi zochepa dokotala akadziwa.

Mankhwala musadalire kuwatchula pamtima. Sonkhanitsani mapaketi onse, ndi opanda kanthu omwe, muike m'jumbo limodzi ndi buku la kuchipatala. Pa pepala lembani dzina la mankhwala monga lalembedwera pa paketi, ndi tsiku lomaliza lomwe adamwa. "Timapiritsi toyera ta BP" tingakhale amlodipine, enalapril kapena hydrochlorothiazide. Ngati amamwa mankhwala ochepetsa kuundana kwa magazi monga warfarin kapena aspirin, lembani ndi zilembo zazikulu. Kwa amayi, lembani ngati ali oyembekezera, angobereka kumene, kapena akumwa mapiritsi olera.

Apa pamafunika kulimba mtima, chifukwa zoona zake nthawi zina zimachititsa manyazi. Bambo adasiya mankhwala a BP miyezi itatu yapitayo chifukwa ankadzimva bwino, kapena chifukwa adapemphereredwa, kapena chifukwa kuchipatala adatha ndipo panalibe ndalama yogulira. Amamwa kachasu. Amasuta fodya wopichira. Musanabwere kuchipatala mudapita kaye kwa asing'anga ndipo adamumwetsa mankhwala. Lembani zonsezi. Mwina namwino akudzudzulani, koma kudzudzulidwa n'kochepa poyerekeza ndi kuti dokotala aonjezere mankhwala poganiza kuti akale sakugwira ntchito pomwe wodwalayo sankamwa n'komwe.

Nkhani ya ma ARV ndi yofunika kuitchula padera. Kafukufuku yemwe adachitika pa chipatala cha Queen Elizabeth motsogozedwa ndi Dr Laura Benjamin, ndipo adasindikizidwa mu 2016, adapeza kuti kachilombo ka HIV ndi chimodzi mwa zinthu zazikulu zomwe zimaonjezera chiopsezo cha sitiroko ku Malawi, makamaka kwa anthu omwe sanakalambe, ndiponso m'miyezi 6 yoyambirira munthu atayamba ma ARV. Izi sizikutanthauza kuti munthu asiye mankhwalawo ayi, kusiya n'koopsa kwambiri. Zikutanthauza kuti dokotala ayenera kudziwa ngati wodwalayo akumwa, komanso kuti adayamba liti. Koma pepala limadutsa m'manja ambiri, ndipo chinsinsi ndi cha mwini wake. Ngati ena m'banjamo sakudziwa, lembani kuti "pali mankhwala ena, ndiwafotokozera adokotala pandekha", ndipo mukachitedi zimenezo.

Pepala lonse likhoza kuoneka chonchi:

"Bambo athu, zaka 64. Adali bwino 1 koloko masana Lachiwiri, adadya okha nsima. Cha m'ma 2 koloko kapu idagwa m'dzanja lawo lamanja. Kamwa yapotoka. Akukoka mwendo wamanja. Akumva tikamalankhula koma mawu awo sakumveka. Sanagwe, sanasanze, sanakomoke. Ali ndi BP, amamwa amlodipine, adasiya mwezi watha. Alibe shuga. Amasuta. Sitinawapatse chakudya, madzi kapena mankhwala. Amene adaona zonse ndi mwana wawo wamkazi, nambala yake ndi iyi."

Onani kuti mwalembedwanso zomwe sizinachitike. Dokotala akawerenga kuti "sanagwe, sanasanze", mafunso awiri ayankhidwa kale. Onaninso nambala ya foni ya mboni, chifukwa woperekeza wodwala nthawi zambiri amakhala mwini galimoto kapena mwana wamkulu, osati yemwe adali pomwepo.

Mzere woti sitinawapatse kanthu ukhale woona. Chibadwa chathu n'choti wodwala timamupatsa madzi kapena phala, ndipo kumumana kumaoneka ngati nkhanza. Koma odwala sitiroko ambiri, mwina theka, amavutika kumeza m'masiku oyambirira. Madzi amalowera m'mapapo, nthawi zina popanda n'kutsokomola komwe, ndipo pakapita masiku awiri kapena atatu chimabwera chibayo, chomwe chimapha ambiri omwe akadapulumuka ku sitirokoyo. Musamupatse chilichonse pakamwa mpaka a chipatala ayese kamezedwe kake. Musamupatse aspirin, ngakhale mudamva kuti amathandiza, chifukwa ngati mtsempha waphulika muonjezera kutaya magazi. Musamumwetse mapiritsi a BP owirikiza kuti itsike msanga. Uthenga womwe umazungulira m'mafoni woti mumubaye ndi singano kunsonga za zala kuti magazi atuluke ndi wabodza, ndipo umangotayitsa nthawi. Mugonekeni cham'mbali kuti malovu ndi masanzi asamutsamwitse, mumasuleni zovala zothina, ndipo pomunyamula musamukoke ndi dzanja lofookalo.

Pali sitiroko ina yomwe imanyenga. Munthu amapotoka kamwa kapena kufooka dzanja kwa mphindi 10 kapena 20, kenako zonse zimabwerera m'malo ndipo amaseka, n'kunena kuti adangotopa. Madokotala amaitcha TIA. Ndi chenjezo loti mtsempha udatsekeka pang'ono n'kutsegukanso, ndipo chiopsezo cha sitiroko yaikulu chimakhala chokwera kwambiri m'masiku awiri otsatirawo. Apa pepala ndi lofunika kuposa pena paliponse, chifukwa pofika kuchipatala dokotala sapeza chilichonse pa thupi. Umboni wokha ndi zomwe inu mwalemba, kapena kanema wamfupi ngati wina adajambula pafoni. Pitani tsiku lomwelo.

Tsopano kuseri kwa pepala. Kumeneko ndi kolemba zomwe a chipatala akuuzani, ndipo ntchito ikutembenuka: mukusandutsa mawu a dokotala kuti akhale a panyumba. M'buku la kuchipatala mupeza zidule. CVA ndi sitiroko, HTN ndi BP yokwera, DM ndi shuga. Pa mankhwala, od ndi kamodzi pa tsiku, bd ndi kawiri, tds ndi katatu, nocte ndi usiku pogona. Musatuluke m'chipatala musanafunse mafunso awa ndi kulemba mayankho ake m'Chichewa: kodi mtsempha udatsekeka kapena udaphulika, kapena sizinadziwike chifukwa sanajambulidwe? Mankhwala aliwonse ndi a chiyani, ndipo amwa mpaka liti? Angadye chiyani, cholimba motani? Abwerenso tsiku liti, ndipo akaonane ndi ndani? Mukalemba, awerengereni a namwino mokweza kuti akukonzeni pomwe mwalakwitsa. Kufunsa si chipongwe. Ndipo kwa inu a zaumoyo omwe mukuwerenga nkhaniyi, ziganizo zitatu za Chichewa pansi pa zidule zanu sizingakutengereni mphindi ziwiri, koma ndi zomwe gadiyani adzagwiritse ntchito kwa miyezi. Kunena kuti "achepetse mchere" sikokwanira. Bungwe la World Health Organization limalangiza mchere wosakwana magalamu 5 pa tsiku, omwe ndi pafupifupi supuni yaing'ono imodzi, kuphatikizapo wa m'ndiwo, wa mu usipa wouma ndi wa m'timapaketi tokometsera ndiwo. Mukanena choncho, wophika adziwa chochita.

Wodwala akabwerera kunyumba, osamalira amasinthana, ndipo zambiri zimatayikira posinthanapo. Lembani pepala lina lomata pakhoma pafupi ndi pogona pake, la zilembo zazikulu, ziganizo zazifupi, chiganizo chilichonse chonena chochita chimodzi. Mankhwala alembedwe ndi nthawi ya wotchi, osati "kawiri pa tsiku" chabe, ndipo wopereka azichonga, kuti wa masana asabwereze zomwe wa m'mawa wapereka kale. Ngati wodwalayo sangathe kudzitembenuza, alembedwe kuti azitembenuzidwa maola awiri alionse, ndipo khungu la m'chiuno, la kumatako ndi la kuzidendene liziyang'aniridwa tsiku lililonse, chifukwa zilonda za pabedi zimayamba ngati kufiira kapena kuda pang'ono chabe. Podya akhale tsonga, adye pang'onopang'ono, ndipo asagonekedwe atangomaliza. Mukalembe ngati akutsamwa kapena mawu ake akumveka ngati muli madzi pakhosi atamwa. Phewa la mbali yofooka lizitsamira pa pilo, ndipo aliyense adziwe kuti dzanjalo si logwira pomudzutsa, chifukwa mfundo ya phewa imaguluka mosavuta minofu ikafooka. Pansi penipeni lembani zizindikiro zobwerera nazo kuchipatala msanga: kutentha thupi, kupuma movutikira, kugona kwambiri kosadzutsika, kunjenjemera, kutupa kwa mwendo umodzi, kapena kufooka kwatsopano.

Mafizo ndi mbali ya chithandizo, si chinthu chapadera cha anthu a ndalama. Kuchira kwakukulu kumachitika m'miyezi itatu kapena isanu ndi umodzi yoyambirira, ngakhale ena amapitiriza kusintha kwa zaka. Ku Blantyre kuli Kachere Rehabilitation Centre, ndipo zipatala zazikulu zili ndi madipatimenti a mafizo. Pemphani wa mafizo akuonetseni zochita, muzijambule pafoni kapena muzilembe m'mawu anu. Kenako sabata iliyonse lembani chomwe wodwalayo akutha kuchita: sabata yatha sankakhala yekha, lero wakhala mphindi zisanu, wagwira supuni, watchula dzina la mdzukulu. Dokotala amaona pamenepo ngati zinthu zikuyenda, ndipo wodwalayo, yemwe nthawi zambiri amakhala wokhumudwa kwambiri pambuyo pa sitiroko, amaona kuti sali pamodzimodzi. Kukhumudwako nakonso kulembedwe. Ngati akukana kudya, akungolira kapena akunena zofuna kufa, auzeni a chipatala, chifukwa ndi matenda omwe ali ndi chithandizo.

Gawo lina la pepalali mungalembe lero, munthu asanadwale. Kafukufuku wa dziko lonse wa mu 2009 wotchedwa STEPS adapeza kuti munthu mmodzi mwa atatu alionse a zaka 25 mpaka 64 ku Malawi adali ndi BP yokwera, ndipo ambiri mwa iwo sankadziwa. BP yokwera siwawa, ndiye munthu sangaidziwe pongodzimva. Aliyense wamkulu panyumba akayezetse, ndipo manambala onse awiri alembedwe ndi tsiku lake pa tsamba lomaliza la buku la kuchipatala. Akamapezeka mobwerezabwereza pa 140/90 kapena kupitirira, ndi nkhani yokambirana ndi dokotala. Pa tsamba lomwelo lembani matenda omwe munthuyo ali nawo, mankhwala omwe amamwa, mankhwala omwe samuyanja, ndi nambala za anthu awiri a galimoto omwe angadzuke usiku. Jambulani tsambalo pafoni, mutumizire mwana yemwe ali ku tauni kapena ku Johannesburg, chifukwa ndi yemwe amaimbiridwa koyamba. Mankhwala akasinthidwa, konzani tsambalo tsiku lomwelo ndipo mujambulenso.